"Halo, mwanimvela?" Zofunika kudziwa pa mafoni a pa intaneti

Kupatula kukuwa kwa kondakita, mau amene amamveka kwambili m'mabasi a mu Lusaka masiku ano ni awa: "Halo? Mwanimvela? Simumveka bwino, netiweki yavuta." Kaya mwakwela ku Chelstone kubwela na Great East Road, kaya ku Kabwata kudzela mu Burma Road, simungafike mu tauni osaona munthu atanyamula foni kutsogolo kwa nkhope, akukamba na m'bale wake amene ali ku Chipata, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg.

Pa City Market foni yotele yakhala cida ca nchito monga sikelo kapena wilibala. Wogulitsa salaula akatsegula belo m'mamawa, amayatsa vidiyo kuti kasitomala wa ku Woodlands kapena Kabulonga aone dilesi asanakwele basi. Wooda katundu ku Nakonde kapena ku Dar es Salaam amafuna kuona nsapato na maso ake asanatumize ndalama. Mai amene wasiya mwana wodwala kunyumba amamuona nkhope ali pa sitandi. Koma mau onse a pa skilini ali m'Cizungu, ndipo ambili timangotinika batani yobiliwila n'kuyembekezela mwayi. Kusadziwa tumau utu kumadya bundle, kumataitsa kasitomala, ndipo ena kwawabetsa ndalama zonse za oda.

Talktime na bundle ni misewu iwili

Mukatuma foni ya masiku onse, mau anu amayenda m'njila imene Airtel, MTN kapena Zamtel anaipatulila mau, ndipo amakudulani talktime malinga na nthawi imene mwakamba. Mukatumila munthu wa kunja kwa dziko, mtengo umakwela kwambili.

Foni ya pa WhatsApp, Messenger, Telegram kapena Zoom imayenda msewu wina. Akatswili amaicha VoIP, kutanthauza mau oyenda pa intaneti. Foni yanu imatenga mau anu, kuwadula tuzidutswa tung'onotung'ono, kulemba nambala pa kacidutswa kalikonse, n'kutuponya pa intaneti pamodzi na zithunzi na mameseji a anthu ena onse. Foni ya mnzanu imatolela tuzidutswa tuja, kutuika mu mzele wake, ndipo mau amamveka. Zili monga kugawa belo imodzi m'tumapulasitiki 100, kutukweza mabasi osiyanasiyana, kuti wolandila akalumikizenso belo ija pa sitandi yake. Zonsezi zimacitika kambilimbili pa sekondi imodzi.

Pali zinthu zitatu zocokela pamenepa. Coyamba, mtunda sulowa mu mtengo. Kutumila munthu wa ku Kabwata na kutumila wa ku London kumadya data yofanana. Caciwili, nonse awili muyenela kukhala na app imodzimodzi komanso intaneti. Simungatume pa WhatsApp kwa ambuya amene ali na kafoni ka mabatani kopanda intaneti. Cacitatu, cimene ambili amaiwala: wolandila nayenso amalipila. Pa foni ya talktime amalipila ni wotuma cabe, koma pa intaneti bundle imatha mbali zonse ziwili. Conco mukatumila amalume a kumudzi vidiyo ya mamineti 30 kuti muwaonetse nyumba yatsopano, dziwani kuti mwawathela bundle imene anagula movutikila.

Njila iyi si ya lelo. Skype, imene inayamba mu 2003, ndiyo inazoloweza dziko kukamba pa intaneti, ndipo m'masiku a mainternet cafe a mu tauni anthu anali kulipila mamineti kuti aone abale ao a kunja pa kompyuta. Microsoft inagula Skype mu 2011, koma inaitseka mu May 2025 n'kuuza anthu kuti asamukile ku Teams. WhatsApp inayamba mu 2009 monga ya mameseji cabe. Facebook inaigula mu 2014, foni ya mau inabwela mu 2015, ndipo ya vidiyo mu November 2016.

Tumau twa pa skilini

Pali mau awili amene athetsa maubwenzi ambili cifukwa ca kusamvetsa: Calling na Ringing. Pa WhatsApp, mukaona Calling, ndiye kuti foni yanu ikufunafuna mnzanu koma sinamupeze. Mwina wazima data, bundle yamuthela, kapena batile yafa. Foni yake siikulila n'komwe. Mukaona Ringing, ndiye kuti yamufika ndipo ikulila. Conco musathamangile kukalipa kuti "nakutumila ka 5 sunayankhe" ngati munali kuona Calling nthawi zonse. Munthuyo sanamve ciliconse. Zikatelo ndipo nkhani ni yofulumila, tumani ya talktime.

Reconnecting imatanthauza kuti intaneti ya mmodzi wa inu yaduka ndipo app ikuyesa kulumikizanso. Musadule msanga. Yembekezani masekondi ocepa, nthawi zambili imabwelela yokha.

Mute ni kabatani kooneka monga maikolofoni. Mukakatinika, inu mumamva mnzanu koma iye sakumvani. Ni kothandiza pamene kondakita akufunsa ndalama, kapena pamene mufuna kufunsa mnzanu wa pa sitandi mtengo wothela popanda kasitomala kumva. Koma mute imatseka mau cabe. Ngati muli pa vidiyo, kamela ikali kuona zonse. Kuti muzime cithunzi, tinikani kabatani ka kamela.

Speaker imatulutsa mau kuti amveke kwa onse. Pa vidiyo, speaker imayaka yokha, n'cifukwa cake basi yonse imadziwa kuti mlamu wa munthu sanabweze nkhongole. Kabatani kena, ka tumivi tuwili tozungulila, kamasintha kamela ya kutsogolo na ya kumbuyo. Amalonda, dziwani kuti pa mafoni ambili kamela ya kumbuyo ndiyo imaonetsa bwino. Poonetsa katundu gwilitsilani nchito imeneyo, imani pamene pali kuwala, ndipo dzuwa likhale kumbuyo kwanu, osati kumbuyo kwa katundu. Mtundu wa nsalu umasintha pa skilini, conco kambani na pakamwa kuti ni yofiila kapena ya maluni, kuopela kukangana kasitomala akafika.

N'cifukwa ciani mau amadukaduka?

Bwelelani ku tumapulasitiki tuja. Ngati mabasi ena acedwa pa jamu, wolandila amayembekezela. Uku ndiye kucedwa kwa mau, pamene mwafunsa funso koma yankho ikubwela patapita masekondi awili, ndipo nonse mumayamba kukamba nthawi imodzi. Ngati tumapulasitiki twina twataika panjila, app siimatuyembekezela, imangopitiliza na tumene twafika. Ndiye pamene mau amamveka monga a loboti ndipo nkhope imauma pa skilini, pakamwa pali potsegula.

Meseji ingacedwe mineti yathunthu ndipo palibe cimene cimaonongeka. Koma foni imafuna kuti tuzidutswa tufike pa nthawi yake. N'cifukwa cake pamalo amodzimodzi meseji imapita koma foni imakana.

Mu tauni zifukwa zake n'zodziwika. Nsanja imodzi ya netiweki imagawila anthu onse amene ali pafupi nayo. Pa City Market, Soweto na Kulima Tower, nthawi yoweluka ku nchito, anthu masauzande amakhala pa nsanja zocepa zimodzimodzi, monga mmene Lumumba Road imadzalila na mamotoka. Mukakhala mu basi yothamanga, foni imadumpha kucoka pa nsanja ina kupita pa ina, ndipo podumphapo tuzidutswa twina tumataika. Malata na makoma a mkati mwa msika naonso amafooketsa netiweki. Ndiyeno pali malaiti. Nsanja zimafuna magetsi, ndipo akazima zimadalila mabatile na majeneleta. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, tonse tinaona mmene netiweki inali kufookela malaiti akapita kwa maola ambili.

Yang'anani pamwamba pa skilini. Mukaona 4G kapena 5G, vidiyo ingayende. MTN inayambitsa 5G mu Zambia mu November 2022, koma imafuna foni imene imaikwanitsa. Mukaona 3G kapena H, mau adzayenda koma vidiyo ingavute. Mukaona E, musadzivute, lembani meseji. Foni ikayamba kudukaduka, mankhwala oyamba ni kuzima vidiyo n'kutsala na mau. Zikakanikabe, tumizani voice note, cifukwa iyo imayembekezela netiweki n'kufika yathunthu. Pa nkhani za malonda voice note ili na ubwino wina: mtengo umene mwagwilizana umatsala monga umboni, pamene zokamba pa foni zimapita na mphepo.

Bundle imapita kuti?

Data imapimidwa na MB, ndipo 1GB ni pafupifupi 1,000MB. Foni ya mau pa WhatsApp kambili siipitilila 1MB pa mineti. Vidiyo imadya kuwilikiza kangapo, mwina 5MB pa mineti kapena kuposa, malinga na foni na netiweki. Tiwelengele pamodzi: na 100MB mungakambe mau kupitilila ola na hafu, koma pa vidiyo mamineti 20 angakhale atatha nayo. Wamalonda amene amaonetsa katundu kwa makasitomala 10 pa tsiku ayenela kuika ndalama iyi pa mtengo wa malonda ake, monga mmene amaikila ya transipoti na ya levi.

Simufunika kungokhulupilila manambala awa. Pa WhatsApp pitani ku Settings, kenako Storage and data, kenako Network usage, mudzaona MB zimene mafoni anu adya. Pamalo omwewo pali Use less data for calls. Mukaiyatsa, app imacepetsa data imene foni imadya, ngakhale kuti mau na cithunzi zimacepako ubwino pang'ono.

Njila yotaila ndalama zocepa ni iyi: yambani na mau, yatsani vidiyo pa nthawi yoonetsa katundu cabe, mukatha zimaninso. Pa WhatsApp mungasinthe conco popanda kudula foni. Pogula bundle yochipa ya masocial, welengani bwino zimene imalola, cifukwa mabundle amasiyana, ndipo ya WhatsApp siitsegula Zoom. Dziwaninso tsiku imene idzathela. Ndipo pamene pali Wi-Fi ya ku nchito kapena ya kunyumba, vidiyo yaitali ya abale isungileni kumeneko.

Kukamba pa gulu

Matenda a Covid-19 atafika mu Zambia mu March 2020, machalichi, masukulu na maofesi anaphunzila Zoom mokakamizika. Cizolowezi cinatsala. Lelo komiti ya malilo, gulu la cilimba na la village banking amakumana pa foni pamene wina ali ku Kitwe, wina ku Petauke, wina ku Pretoria. WhatsApp imalola anthu ofika 32 pa foni imodzi. Zoom yaulele imalola anthu 100, koma msonkhano umaduka pakatha mamineti 40, conco acheyamani amene amakonda mau oyamba aatali adziwiletu.

Pa Zoom, Google Meet na Teams mumalowa na link, kapena nambala ya msonkhano na passcode. Woitanitsa msonkhano amachedwa host, ndipo ali na mphamvu yolowetsa anthu, kuwatseka mau kapena kuwacotsa. Link ili monga kiyi ya nyumba. Aliyense amene waipeza angagogode, conco musaiike pa status ngati mukakambilana za ndalama za gulu. Lamulo lalikulu pa gulu ni limodzi: ngati simukukamba, khalani pa mute. Munthu mmodzi amene ali pa siteshoni na maikolofoni yotsegula amamvetsa gulu lonse mahuta na mangwangwazi. Ndipo ngati awili muli m'cipinda cimodzi, lowani na foni imodzi, apo ayi mau amabwelelabwelela mpaka kulila kwa mluzu.

Cinsinsi canu na akawalala

Kuyambila mu April 2016, WhatsApp imamanga mameseji na mafoni na cimene amacha end-to-end encryption. Tanthauzo lake ni lakuti tuzidutswa tuja tumakhomedwa pa foni yanu ndipo kiyi yotsegulila ili pa foni ya mnzanu cabe. Kampani ya netiweki kapena mwini Wi-Fi sangamve zimene mukukamba. Koma loko iyi siitseka makutu a munthu amene mwakhala naye pa mpando wa kumbuyo. Munthu amene amakamba pa speaker kuti "nanyamula ya oda yonse, niseluka pa City Market" wauza basi yonse, ndipo si onse okwela basi amene ali pa ulendo. Mahedifoni a mtengo wocepa amathetsa theka la vutoli. Theka linalo ni pakamwa panu. Komanso foni yonyamulidwa pafupi na windo yotsegula pa jamu ya mu tauni imaitana dzanja la kunja.

Akuba ambili safunika kuthyola loko, amapempha kiyi kwa mwini wake. Njila yofala ni iyi. Wina amakutumilani foni kapena meseji, nthawi zina pa nambala ya munthu amene mumadziwa, kuti "natumiza kodi kwa imwe molakwitsa, nibwezeleni," kapena kuti kodi ija ni yolowela msonkhano wa gulu la chalichi. Manambala 6 amene abwela pa SMS ndiwo kiyi ya WhatsApp yanu. Mukangowachula, akaunti yanu imasamukila pa foni ya wakuba, ndipo amayamba kupempha ndalama kwa abale na makasitomala anu m'dzina lanu. Kwa wamalonda amene makasitomala ake onse ali mu WhatsApp, uku n'cimodzimodzi kubeledwa sitandi. Kodi imeneyo musauze munthu aliyense. Ndipo lelo lomwe pitani ku Settings, Account, Two-step verification, muike PIN yanuyanu. Ni loko yaciwili pa citseko.

Cinanso ni screen share, imene WhatsApp inabweletsa mu 2023. Imaonetsa mnzanu zonse zimene zili pa skilini yanu. Ni yabwino mwana akamaphunzitsa amake kugula mayuniti a malaiti. Koma munthu wosamudziwa akakuuzani kuti ni wa ku banki kapena wa mobile money ndipo muyatse screen share kuti akuthandizeni, dulani foni. Adzaona makodi onse amene akubwela pa foni yanu.

Vidiyo ingakutetezeninso. Mukalandila meseji yakuti "ni ine, nasintha nambala, nitumizileni ndalama mwamsanga," tumani vidiyo kapena tumilani nambala yake yakale. Wakuba adzakana kuyatsa kamela, adzati netiweki yavuta. Ngakhale nkhope itaoneka kwa kanthawi, funsani funso limene wa m'banja yekha angayankhe, cifukwa masiku ano makompyuta amatha kutengela mau na nkhope ya munthu. Vidiyo yocokela ku nambala yacilendo musaiyankhe na kamela yotsegula, pakuti ena amajambula nkhope yanu kuti akakuopsezeni nayo. Ku Settings, Privacy, Calls, kuli Silence unknown callers, imene imaletsa manambala acilendo kuliza foni yanu. Amalonda amene amayembekezela makasitomala atsopano aganizile bwino asanaiyatse, ngakhale kuti nambala imaonekabe pa mndandanda wa mafoni. Nambala ya wakuba mungaineneze ku ZICTA potinika *707#.

Pamene boma linalowelela

Mafoni a pa intaneti afikapo mpaka pa tebulo ya nduna. Mu August 2018, mneneli wa boma pa nthawiyo, a Dora Siliya, analengeza kuti nduna zavomeleza msonkho wa 30 ngwee pa tsiku pa mafoni a pa intaneti monga WhatsApp, Skype na Viber. Cifukwa cimene anapeleka cinali cakuti mafoni amenewa akuika pangozi makampani a mafoni na nchito za anthu ogwila mmenemo. Pa mwezi ndalamayo ikanakwana K9. Anthu ambili na mabungwe monga MISA Zambia anatsutsa, ponena kuti munthu analipila kale pogula bundle. Mwezi wa July caka comweco dziko la Uganda linali litayamba kudula mashilingi 200 pa tsiku kwa ogwilitsila nchito WhatsApp na Facebook.

Pa 12 August 2021, tsiku la masankho, WhatsApp, Facebook na zina zotele zinaleka kugwila nchito m'dziko muno. Ambili ndi pamene anamva koyamba za VPN, app imene imadzeletsa intaneti yanu ku dziko lina kuti ipite mozungulila pamene patsekedwa. Bungwe la Chapter One Foundation linapita ku High Court, khoti inalamula ZICTA kuti zinthu zibwelele mwakale, ndipo patapita masiku ocepa zinatseguka. Phunzilo kwa wamalonda ni lakuti msewu uwu si wanu. Ungatsekedwe na boma, na malaiti, kapena na kampani yokha monga zinacitikila Skype. Manambala a makasitomala na a ooda katundu alembeni mu buku, osati mu app cabe.

Cimene WhatsApp siingacite

Amalonda a pa City Market saiwala m'mamawa wa pa 4 July 2017, pamene moto unanyeketsa mbali yaikulu ya msika na katundu wa anthu ambilimbili. Pa tsiku ngati limenelo, dziwani kuti WhatsApp na Messenger sizituma ku manambala a ngozi. Apolisi pa 991 na ozima moto pa 993 mumawapeza na foni ya masiku onse, ija ya mabatani a manambala. Aphunzitseni ana na anchito a kunyumba kusiyana kwake, cifukwa ambili a iwo anakula akudziwa batani yobiliwila ya WhatsApp yokha.

Vidiyo imathanso batile msanga kuposa mau, ndipo foni imatentha. Amene amaweluka usiku n'kukaseluka kutali na nyumba asathele batile pa maceza a mu basi. Siyani yokwanila kutumila wa kunyumba kuti akucingamileni pa siteshoni, ndipo mu foni musamasowe talktime ya K5 imene simuikhudza pogula bundle.